Nyali za Pepala Zokhala ndi Nkhope ya Unicorn: Kapangidwe Kake Kuyambira pa Baluni Mpaka Pokoloweka

Unicorn ndi kavalo woyera wa m'nthano za ku Ulaya, wokhala ndi nyanga imodzi pamphumi. Ana amamudziwa kuchokera pa makatuni, pa zikwama za kusukulu ndi pa makeke, ndiye tsiku lokumbukira kubadwa likamayandikira ambiri amapempha kuti phwando lawo likhale la iyeyo. Nyali ya pepala yozungulira sivuta kuisandutsa mutu wa unicorn, chifukwa simuumba mphuno kapena khosi. Mukaikapo nyanga, makutu awiri, maso otsinzina ndi maluwa pang'ono, mwana aliyense aizindikira ali patali.

Pamene ntchitoyi imalakwikira ndi pawiri: kulemera ndi chinyezi. Nyali ya pepala ndi yopepuka kwambiri, moti chilichonse chimene mwamata kutsogolo chimaikoka kuti izolike. Komanso pepala limene silinaume mpaka mkati limakwinyika, limachita chuku, kapena limabonyoka pomwe mwaika nyanga. Miyeso yonse ili m'munsimu ndi ya nyali ya masentimita 25 m'mimba mwake. Kukula kumeneku n'kokwanira kuti nkhope ioneke bwino popanda kumaliza mapepala ambiri.

Kugula kapena kuumba nokha

M'masitolo ena a zokongoletsera mumapezeka nyali zozungulira zopangidwa kale. Mtundu umenewu unachokera ku China, kumene nyali za pepala zili ndi chikondwerero chake pa tsiku la 15 la mwezi woyamba pa kalendala yawo. Zimabwera zophwatalala m'paketi, pamodzi ndi kawaya koziimika mkati, ndipo zofala ndi za masentimita 20, 25 ndi 30. Ngati mwapeza zoyera pa mtengo wabwino, gulani ndipo mulumphe gawo la baluni. Kumbukirani kuti bowo lokhala ndi timphete tiwiri m'mbali ndilo la pamwamba, ndipo timphetemo ndi momwe mumakola nsonga za kawaya kaja.

Ngati sizikupezeka, kapena mukufuna nyali yolimba imene inganyamule nyanga popanda kung'ambika, umbani nokha pa baluni. Zimatenga masiku angapo, koma ambiri mwa masikuwo ndi odikira kuti ziume.

Zofunika pa nyali 6

Mabaluni ozungulira 8. Awiri ndi osungira, chifukwa kuphulika kumachitika. Sankhani a mtundu wakuda, wabuluu kapena wofiira. Baluniyo mudzaichotsa, koma mtundu wake umakuthandizani kuona malo amene pepala lapyapyala.

Mapepala a tishu oyera 24, aakulu aja a masentimita pafupifupi 50 ndi 75. Tikunena tishu wokulungira mphatso, amenenso amapezeka m'bokosi la nsapato zatsopano. Tishu wa kuchimbudzi amasungunuka n'kupanga mibulu, nyuzipepala silola kuwala kudutsa ndipo zilembo zimaonekera, pomwe pepala lophikira makeke guluu saligwira n'komwe. Maseviyeti oyera amatheka ngati mwalekanitsa zigawo zake kuti mugwiritse chimodzichimodzi.

Guluu woyera wa akalipentala, botolo la 500 ml, kapena ufa wa tirigu wophikira guluu wanu.

Pepala la manila loyera limodzi, lapinki limodzi ndi lakuda theka. Mapepala olimba a golide 3 a A4. Crepe paper, pepala lopyapyala lamakwinya lokongoletsera, wa mitundu itatu yofatsa, monga pinki, pepo ndi wobiriwira wotuwira. Ulusi wa golide kapena riboni yopyapyala mamita 5. Nayiloni yowedzera nsomba yokolowekera. Timagetsi ta LED toyendera mabatire. Ndiyeno sizasi, rula, pensulo, burashi yofewa, selotepi, mapegi a zovala, maphini ndi timbale tokhazikapo mabaluni.

Kukonza guluu

Ngati muli ndi guluu wa akalipentala, sakanizani gawo limodzi la guluu ndi gawo limodzi la madzi. Akauma saoneka, sanunkha ndipo sakopa tizilombo. Siyani guluu wina, pafupifupi kotala la botolo, osamuthira madzi, chifukwa ndi amene mudzamatire nyanga ndi makutu.

Wophika nokha amapangidwa chonchi. Sungunulani theka la kapu ya ufa wa tirigu m'kapu imodzi ya madzi ozizira mpaka timibulu tonse tithe. Mumphika muziwira kale madzi kapu imodzi ndi theka. Thirani ufa uja pang'onopang'ono uku mukutakasa, muphike mphindi 3, kenako onjezani supuni imodzi ya mchere kuti chuku chichedwe kugwira. Akazizira akhale ngati phala la madzimadzi la mwana wongoyamba kudya. Ngati walimba, thirani madzi. Ufa wa chinangwa wosefa bwino umamatanso kwambiri ndipo umafunika wocheperapo. Ufa wa chimanga usiyeni, umasiya misere pa pepala ndipo sugwira mokwanira.

Guluu wa ufa ali ndi zovuta zake. Nyali imatuluka yachikasu pang'ono, imachedwa kuuma, ndipo mphemvu ndi makoswe zimaikonda. Wotsala musungeni mufiriji masiku awiri okha. Akayamba kununkha chowawasa, tayani.

Kuumba thupi la nyali

Dulani chingwe cha masentimita 78. Fufumitsani baluni mpaka chingwecho chizungulire pamimba pake n'kukumana. Chingwe chimodzimodzicho muyezere mabaluni onse kuti nyali zifanane. Musafufumitse baluni mpaka mapeto, chifukwa ikadzaza kwambiri imatalika cha kukhosi ndipo imaphulika msanga. Mangani mfundo, kenako jambulani mzere wozungulira mfundoyo, wa masentimita 8 m'mimba mwake. Mkati mwa mzerewo simumata pepala, ndi pamene padzakhale pakamwa pa nyali.

Ng'ambani tishu m'tizidutswa ta masentimita pafupifupi 5 ndi 8. Ng'ambani ndi manja, musadule ndi sizasi. M'mphepete mong'ambika mumasungunukira m'chidutswa chinzake, pomwe modula mumasiya mizere imene imaonekera magetsi akayaka. Tizidutswa tikuluikulu timachita makwinya chifukwa pepala lophwatalala silingakute malo ozungulira popanda kupindika.

Khazikani baluni pa kambale, mfundo ili pansi. Pakani guluu pa baluni, pamalo okula ngati chikhatho, ikani kachidutswa kouma, kenako kasalazeni ndi burashi kuyambira pakati kupita m'mphepete. Tishu osamuviika m'guluu, amangothera m'zala. Kachidutswa kotsatira kakwere pa kanzake ndi sentimita imodzi. Mukakuta theka, tembenuzani baluni mumalize mbali inayo.

Pamafunika magawo 5 a tishu osanjikizana. Atatu amapereka nyali yowala bwino koma yofooka, imene imabonyoka mukangoigwira. Kupitirira 6 nyali imalimba koma kuwala kumachepa. Popeza mapepala onse ndi oyera, n'kosavuta kusokonezeka kuti mwafika pati, choncho gawo loyamba muike tizidutswa choimirira, lachiwiri chopingasa, lachitatu choimiriranso. Ikani magawo awiri tsiku loyamba, ziume usiku wonse, kenako atatu otsala mawa lake. Mukaika onse 5 nthawi imodzi kunja kumauma mkati mukadali monyowa, ndipo chinyezi chotsekeredwacho ndi chimene chimabweretsa madontho akuda. Pamalo pamene mtundu wa baluni ukuonekerabe kwambiri kuposa pena, onjezani kachidutswa. Cha kukamwa ikani gawo lina lapadera, chifukwa ndi pamene padzanyamule kulemera konse.

Poumitsa m'pamene pamafunika kuleza mtima. Mangirirani mabaluni pa chingwe, m'nyumba kapena pakhonde pamthunzi pomwe mphepo ikudutsa, asagundane. Padzuwa ayi. Mpweya wa m'baluni ukatentha umafufuma n'kung'amba pepala kapena kuphulitsa baluni, ndipo kukazizira madzulo umanyala n'kukokera pepala lonyowa mkati, nyali n'kutuluka yamakwinya. Pa chifukwa chomwechi musaziike pafupi ndi mbaula kapena pansi penipeni pa malata otentha. Maola awiri oyamba guluu amatsikira pansi, ndiye muzipukuta kadontho kamene kakulendewera kuti pansi pasakhale chotupa.

Nyengo yotentha ya Okutobala gawo lomaliza limauma m'tsiku limodzi. Nthawi ya dzinja kapena ya chiperoni zimatha kutenga masiku atatu, ndipo fani yoyendetsa mpweya imathandiza kuposa kutentha kulikonse. Kuti mudziwe ngati yauma, igundeni ndi chikhadabo: youma imalira mouma ndipo sibonyoka. Igunditseninso patsaya. Ngati ikuzizira, mkati mudakali madzi.

Kuchotsa baluni ndi kulimbitsa pakamwa

Musabaye baluni ndi singano. Ikaphulika mwadzidzidzi imakoka khoma la pepala n'kuliphwanyira mkati. Matani kaselotepi pafupi ndi mfundo, dulani kabowo kakang'ono pa selotepipo, mpweya utuluke pang'onopang'ono. Mumva kuthetheka pamene baluni ikumatuka ku pepala, zimenezo n'zabwinobwino. Penapake pakalowa mkati, lowetsani dzanja mukankhe mofatsa. Zidutswa za baluni muzitaye nthawi yomweyo pamalo amene ana sangazipeze, chifukwa zimatsamwitsa.

Dulani m'mphepete mwa pakamwa kuti mukhale mosalala, ndipo chotsani paliponse pamene inki ya mzere uja yadetsa. Pa manila woyera dulani mkombero wa masentimita 11 kunja ndi 8 mkati. Udulenipo pamodzi kuti uthe kupindika motsatira nyali, upakeni guluu wosathira madzi, muumate mkati mozungulira pakamwa ndi kuupana ndi mapegi mpaka uume. Popanda mkombero umenewu nayiloni imacheka pepala ndipo nyali imagwa phwando lili mkati.

Boolani mabowo atatu motalikirana mofanana, sentimita imodzi kuchokera m'mphepete, kudutsa pa manila. Awiri ndi a kutsogolo, amene adzabisike kuseri kwa makutu, limodzi ndi la kumbuyo. Pakati pa awiri akutsogolowo ndi pamene pakubwera nyanga. Sankhani mbali yosalala kwambiri ya nyali kuti ikhale nkhope.

Nyanga

Anthu ambiri amadula kotala la bwalo n'kulipinda, ndipo zotsatira zake zimakhala chipewa cha phwando, chachifupi ndi chonenepa. Nyanga yooneka bwino imachokera pa gawo limodzi mwa magawo 6 a bwalo. Simufunika chida choyezera makona. Kuseri kwa pepala la golide ikani kadontho pafupi ndi ngodya. Mangani pensulo ku ulusi, muyeze masentimita 15 kuchokera pa kadonthoko, mujambule uta. Ikani chizindikiro pa utawo, kenako ndi rula pezani malo ena pa uta womwewo amene ali pa mtunda wa masentimita 15 molunjika kuchokera pa chizindikiro choyamba. Lumikizani zizindikiro ziwirizo ndi kadontho kaja. Chimene mwajambulacho ndicho gawo limodzi mwa 6, ndipo pa A4 imodzi pamatuluka nyanga ziwiri. Dulani yoyamba muzijambulira zinazo.

Musanapinde, kokani pepalalo kangapo pamphepete mwa tebulo kuti lifewe n'kuyamba kupindika lokha. Pepala lolimba mukalipinda mwadzidzidzi limathyoka n'kusiya mizera. Kunsonga lizungulizeni pa pensulo. Mbali imodzi ikwere pa inzake ndi sentimita imodzi cha kumunsi, ndipo tsinde lituluka la masentimita osakwana 5 pang'ono. Ngati pepala lanu ndi lija lonyezimira ndi timchenga, palani timchengato pa kamzere kamene kakukwerana, apo ayi guluu agwira timchenga tokha ndipo nyanga imasuka usiku. Panani ndi pegi kumunsi, kunsonga mugwire ndi zala mphindi ziwiri.

Ikauma, dulani timipata tozama sentimita imodzi kuzungulira tsinde, motalikirana sentimita imodzi, n'kupindira timapiko timeneto kunja. Tsinde losadula limakhudza nyali pamalo awiri kapena atatu okha, pomwe timapiko timagona motsatira kuzungulira kwake.

Tsopano mzere wopota. Pa zithunzi zakale za ku Ulaya nyanga ya unicorn imakhala yopotana, ndipo zimenezi zikugwirizana ndi dzino lalitali lopota la narwhal, nangumi wa m'nyanja zozizira za kumpoto, limene amalonda ankagulitsa ponena kuti ndi nyanga ya unicorn. Mzere umenewu ndi umene umasiyanitsa nyanga ndi chipewa, choncho musaulumphe. Dulani ulusi wa golide masentimita 70, matani nsonga yake pamwamba penipeni, dikirani igwire, kenako zungulizani motsika, mizere italikirane masentimita awiri. Kadontho ka guluu kumbuyo pa kuzungulira kulikonse n'kokwanira. Ngati nyanga ndi yagolide kale, ulusi woyera kapena wapinki umaoneka bwino kuposa wagolide. Amene sanapeze pepala la golide agwiritse manila wachikasu, kapena woyera wokutidwa ndi pepala lokulungira mphatso.

Mkati mwa nyanga musaikemo kanthu. Thonje, dongo kapena mapepala opanikiza zimangowonjezera kulemera pamalo oipa kwambiri.

Pomata, yambani ndi kachigamba ka manila woyera kozungulira, ka masentimita 7, mukamate mkati mwa nyali pansi pa pomwe pakhale nyanga. Pakati pa tsinde la nyanga pakhale masentimita 4 kapena 5 kuchokera m'mphepete mwa pakamwa. Mukaitsitsa kwambiri imaloza kutsogolo ndipo imakoka nyali mwamphamvu, mukaikweza kwambiri imagundana ndi zingwe. Pakani guluu wosathira madzi pa timapiko, kanikizani kunja uku dzanja lina likuchirikiza mkati, mphindi ziwiri. Kenako khazikani nyali m'mbale moti nyanga iloze kumwamba, ikhale choncho ola limodzi. Pa nyali yogula, onetsetsani kuti timapiko tadutsa pa nthiti zosachepera ziwiri, timizere tolimba tija tozungulira nyaliyo, chifukwa pepala la pakati pa nthiti palokha silinyamula kanthu.

Guluu wotentha wa glue gun amafulumizitsa ntchito, koma ndi wolemera ndipo amasiya ulusi paliponse, choncho timadontho tating'ono tokha. Super glue musamugwiritse ntchito pano. Amalowerera m'tishu n'kusiya banga louma, ndipo akakhudza thonje kapena ulusi wa thonje amatentha mpaka kuwotcha chala.

Makutu

Dulani makutu pa manila woyera, ooneka ngati tsamba losongoka, masentimita 9 m'litali ndi 5 m'lifupi. Apinki a mkati akhale 6 ndi 3. Pindani pepala pawiri mudule onse awiri nthawi imodzi kuti afanane. Matani apinki pa oyera, kenako dulani kampata ka masentimita awiri pakati pa tsinde, mukweretse mbali ziwirizo ndi kuzimata. Khutu limapindika mkati n'kuima lokha. Pindirani sentimita imodzi ya kumunsi kumbuyo kuti pakhale pomatira. Aikeni masentimita 5 kumanja ndi kumanzere kwa nyanga, kumbuyo kwake pang'ono, nsonga zitapendekera kunja. Makutu ataliatali oimirira chilili amasandutsa unicorn kalulu.

Maso ndi masaya

Nkhope yonse ili pa maso, ndipo ndi pamene timalangiza kuti muchedwepo. Musajambule ndi cholembera pa nyali penipeni. Inki imayenderera m'tishu, ndipo mukalakwitsa palibe kufufuta. Dulani pa manila wakuda. Diso lililonse ndi uta wa masentimita 6 m'lifupi, wonenepa mamilimita 4, wokhotera pansi monga diso la munthu amene watsinzina, ndi nsidze 4 kapena 5 zoloza pansi ndi kunja. Nsidze za cha kumakutu zikhale zazitali, sentimita imodzi ndi theka, za cha kumphuno zazifupi. Apanso pindani pepala pawiri, kuti diso lina lituluke loyang'ana kumanja, lina kumanzere. Sizasi yaing'ono ya zikhadabo imadula nsidze bwino kuposa yaikulu.

Nyali idzalendewera pamwamba pa mitu ya anthu, ndiye oiona adzakhala akuyang'ana chokweza. Maso amene aikidwa kumtunda pafupi ndi nyanga sadzaoneka. Aikeni pamimba penipeni pa nyali kapena sentimita imodzi kunsi kwake, ndipo pakati pawo pakhale masentimita 7. Abayeni kaye ndi maphini, wina anyamule nyali m'mwamba, inu muime patali mamita atatu muone. Diso limodzi likakwera ndi theka la sentimita lokha zimaonekera. Mukakhutira, matani ndi guluu wochepa kwambiri womupaka ndi kamtengo ka machesi. Guluu wambiri amatuluka m'mbali n'kunyezimira.

Masaya ndi timabwalo tapinki ta masentimita awiri ndi theka, kunsi ndi kunja kwa diso lililonse. Tishu wapinki amaposa manila chifukwa kuwala kumadutsa. Choko chapinki chopaka ndi chala chimathekanso. Pakamwa pa unicorn ndi mphuno musaike, nkhope imaoneka bwino popanda zimenezo.

Maluwa ndi manyenje

Maluwa ali ndi ntchito yobisa timapiko ta nyanga, matsinde a makutu ndi mthunzi wa kachigamba kamkati. Pa duwa limodzi sanjikizani tizidutswa 5 ta tishu wamtundu kapena crepe paper, ta masentimita 8 mbali zonse. Pindani mopita uku ndi uku, sentimita imodzi pa kupinda kulikonse, mangani pakati ndi ulusi, dulani nsonga zonse ziwiri mozungulira, kenako tambasulani ndi kukokera chigawo chilichonse m'mwamba mosamala. Nyali iliyonse imafuna maluwa 5: lalikulu patsogolo pa nyanga, awiri m'mbali mwake, ndi awiri aang'ono a masentimita 5 patsinde pa makutu. Opitirira pamenepo amaphimba nyanga n'kulemetsa kutsogolo. Maluwa apulasitiki ndi okongola koma olemera, ngati mwawafuna chotsani mapesi ake a waya. Pa nyali 6 ndiye maluwa 30, ndipo iyi ndi ntchito yabwino kugawira ana okulirapo.

Manyenje, ubweya wautali uja wa pakhosi pa kavalo, amapangidwa ndi crepe paper. Musatambasule mpukutu, dulani uli chipindire kuti mutulutse timizere ta masentimita awiri m'lifupi, kenako mudule kutalika kwa masentimita 35 mpaka 45. Timizere 12 mpaka 15 pa nyali imodzi, mitundu yosakaniza. Matani kuyambira kuseri kwa pakamwa kutsika kumsana mpaka pamimba, m'mizere itatu, kuyambira wam'munsi kuti wapamwamba uphimbe pomatira pa unzake. Kuti tipotane, tizungulizeni pa pensulo mphindi imodzi. Manyenje si okongoletsa chabe, amathandizanso kubweza kulemera kumbuyo. Dziwani kuti utoto wa crepe paper umasuluka ukakhudza madzi, choncho gwiritsani guluu wosathira madzi, wochepa, ndipo manja akhale ouma pogwira mbali yoyera.

Kuwala

Kandulo, koloboyi kapena babu lotentha zisalowe m'nyali imeneyi ngakhale kwa mphindi imodzi. Ndi pepala louma lokhala ndi manyenje olendewera, pamwamba pa ana. LED ya mabatire yokha, imenenso ili ndi ubwino woti magetsi akazima phwando limapitirira.

Sankhani kuwala koyera kopita ku chikasu. Koyera kopita ku buluu kumaonetsa chigamba chilichonse cha tishu. Kagetsi musakagoneke pansi pa nyali, kamapanga banga lowala pansi pokha nkhope ili mumdima. Kamangirireni ku ulusi kuchokera pa mfundo ya zingwe kuti kalendewere pakati. Ngati mukugwiritsa ntchito timagetsi ta pa waya tokhala ndi bokosi la mabatire a AA, lowetsani waya yekha m'nyali, bokosilo mulimangirire kumtanda kapena ku chingwe chachikulu, chifukwa kulemera kwake kungang'ambe pansi.

Timagetsi tambiri tating'ono timayendera batire lophwatalala ngati ndalama yachitsulo, monga CR2032. Batire limeneli mwana akalimeza n'kukakamira pammero, lingawotche mnofu koopsa m'maola awiri okha. Tsekani chivindikiro chake ndi selotepi mwamphamvu, werengani timagetsi musanayambe ndi pomaliza phwando, ndipo ngati mukukayikira kuti mwana wameza, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo osadikira zizindikiro.

Kukoloweka

Mangani nayiloni ya masentimita 30 pa bowo lililonse mwa atatu aja. Musamange mfundo yomaliza msanga. Gwirani zingwe zitatuzo pamodzi, kwezani nyali muone mmene yakhalira. Ngati yazolika, fupikitsani ziwiri zakutsogolo pang'onopang'ono mpaka nkhope iwongoke, kenako mangani. Kupendekera pansi pang'ono n'kwabwino, popeza oonera ali pansi. Nyali yogula ili ndi pokolera pamodzi pokha pakati, ndiye njira yake ndi kumata ndalama yachitsulo imodzi kapena ziwiri mkati chakumbuyo, kumunsi, ndi selotepi.

Nyali yolendewera pa chingwe chimodzi imazungulira, ndipo nthawi zambiri imathera kuyang'ana kukhoma. Mangani kaulusi kena kuchokera pa bowo lakumbuyo kupita kukhoma kapena ku msanamira, kapena ikolowekeni ndi zingwe ziwiri zochokera malo awiri otalikirana. Nsonga za manyenje zikhale mamita osachepera awiri kuchokera pansi pamene anthu amadutsa, apo ayi ana ayamba kulumpha kuti azikoke. Pamwamba pa tebulo la keke mungazitsitse, bola zikhale kutali ndi makandulo a kekeyo. Siyani masentimita 60 mpaka 80 pakati pa nyali ndi inzake, ndipo musazifole pa msinkhu umodzi, zina zikwere zina zitsike ndi masentimita 15 kapena 20.

Panja, mphepo ndi mame ndiwo adani. Kolowekani patatsala ola limodzi kapena awiri kuti alendo afike, pansi pa tenti kapena pakhonde. Kukayamba kuwaza, tsitsani nyali musanasamutse mipando, chifukwa utoto wa manyenje umadonthera pa zovala ndi pa nsalu ya tebulo.

Zokonza zikavuta

Pobonyoka pang'ono pamakonzeka ndi kukankha mkati n'kumata zigamba ziwiri za tishu mkati momwemo. Ngati nyali yonse yafewa tsiku la chinyezi, lowetsani baluni yatsopano, muifufumitse mpaka ikhudze makoma, muisiye usiku pamalo a mphepo. Pong'ambika matani tishu kunja ndi mkati, ndipo mbali imeneyo ikhale kumbuyo pansi pa manyenje. Nyanga ikapendekera mbali imodzi musaizule, mungachotse ndi khoma lomwe. Lowetsani kapepala kopinda pansi pa timapiko ta mbali imene yagwera, matani, duwa libise. Nyali imene yachita chuku sikonzeka, itayeni, ndipo n'chifukwa chake kuumba 7 pofuna 6 si kuwononga.

Kagawidwe ka masiku

Phwando likakhala Loweruka, ikani magawo awiri oyamba Lachiwiri madzulo, atatu otsala Lachitatu. Lachinayi, pamene nyali zikuuma, dulani nyanga, makutu ndi maso ndipo pangani maluwa. Lachisanu chotsani mabaluni, limbitsani pakamwa, matani zonse, muyese magetsi usiku kuti muone ngati pali pofunika chigamba. Nyengo ya mvula yambani Lamlungu. Musasiye masiku oposa awiri pakati pa magawo oyamba ndi otsatira, chifukwa baluni imaphwa pang'onopang'ono ndipo magawo awiri okha sangathe kusunga maonekedwe ake.

Phwando likatha chotsani mabatire onse. Nyali zoumba pa baluni sizipindika, ndiye zisungeni zili chilendewere m'chipinda chouma, iliyonse m'jumbo yaikulu yosamanga kukamwa kuti fumbi lisagwe koma mpweya uzilowa. Za guluu wa akalipentala zimatha kudikira phwando lina. Za guluu wa ufa zichotseni nyanga, makutu ndi maluwa, musunge zimenezo m'bokosi, thupi mudzaumbe lina.